Malonjezo a ku Baku Tikaŵayesa ndi Munda wa ku Lirangwe

Munthu akanyamuka ku Blantyre m'bandakucha kuloŵera ku Zalewa, asanafike n'komwe pa Lunzu amayamba kukumana ndi njinga za makala. Matumba atatu, mwina anai, pa njinga imodzi, mwini wake akukankha chokwera, thukuta lili kamukamu dzuŵa lisanatuluke. Akapitirira mpaka pa Lirangwe m'mwezi wa Okutobala, sasoŵanso womuuza chifukwa chimene abambo aŵa amadzizunzira chotere. Minda ili gwa, timitsinje tasanduka mchenga wokhawokha, mapiri adametedwa mpala, ndipo m'nyumba zambiri chimanga cha chaka chino chidatha anthu asanayambe n'kusosa komwe. Dera limeneli, kuyambira ku Chileka kutsikira ku Shire, n'lotentha ndiponso la mvula yochepa chiyambire kale. Makolo athu ankalidziŵa bwino, n'chifukwa chake sankasiya mapira, nandolo ndi khobwe. Koma ankadziŵanso nthaŵi yobzala. Lero ngakhale agogo amene ankaŵerenga mitambo ngati kalata amangopukusa mutu.

Pa nyengo yomweyo, pamene mlimi wa ku Lirangwe maso ali kumwamba kudikira mvula yobzalira, nthumwi za maiko pafupifupi 200 zimasonkhana mu mzinda wina wakutali kukambirana za kusintha kwa nyengo. Misonkhanoyi, imene amaitcha COP, idayamba mu 1995 ku Berlin, ndipo wa ku Belém m'dziko la Brazil, mu Novembala 2025, udali wa nambala 30. Ambirife timangomva pa wailesi kuti nduna yapita, kenaka kuti yabwerako. Komatu zimene amalemba kumeneko n'zokhudza nkhokwe zathu, tsono tili ndi ufulu woziŵerenga ndi kuziweruza. Tiziŵerenga monga momwe mai amaŵerengera kalata ya mwana wake wa ku Johannesburg amene adalonjeza kutumiza ndalama za feteleza. Mai wotere sataya nthaŵi ndi malonje. Amafuna kudziŵa kuti ndi zingati, zifika liti, zidzera mwa yani, ndiponso ngati mwanayo adzazifunanso.

Poyamba tikumbutsane gwero la mlandu, poti ena amayesa kuti maiko osauka amapita ku misonkhanoyi kukapemphetsa. Dziko lapansi likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, zimene maiko olemera akhala akutentha kwa zaka zoposa 150 m'mafakitale, m'magalimoto ndi popanga magetsi. Mpweya wa mu utsi umenewu ukakwera kumwamba umakhala ngati bulangete, kutsekereza kutentha kuti kusatuluke. Mmalaŵi mmodzi amatulutsa mpweya wotere pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pa chaka, pamene munthu wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Africa yense, ndi anthu ake oposa biliyoni, amatulutsa pafupifupi magawo 4 okha mwa 100 a mpweya wonsewo. Pa Chicheŵa timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Apa zatembenuka: nkhuyu adadya akuluakulu, m'mimba mukupota ana. Pangano loyamba, la ku Rio de Janeiro mu 1992, lidavomereza zimenezi ponena kuti onse ali ndi udindo koma udindowo sufanana. Choncho ndalama tikukambazi zikufanana ndi mbuzi imene munthu amalipira ng'ombe zake zikadya munda wa mnzake. Wolandira mbuzi yotere sagwada pothokoza.

Tsono tione malonjezo. Ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera adalonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Chaka cha 2020 chidafika, chidapita. Bungwe lao lomwe loŵerengera chuma, la OECD, lidati lonjezolo lidakwaniritsidwa mu 2022, mochedwa ndi zaka ziŵiri. Ku Glasgow mu 2021 adati pofika 2025 aŵirikiza kaŵiri ndalama zothandiza maiko osauka kudziteteza ku nyengo yosinthayi. Ku Baku, m'dziko la Azerbaijan, mu Novembala 2024, adaika lonjezo latsopano la madola 300 biliyoni pa chaka pofika 2035, pamene maiko osauka ankafuna 1.3 thiriliyoni. Ku Belém nako adati ndalama zodzitetezera ziŵirikizidwe katatu, pofikanso 2035. Mwaona mmene chakacho chimathaŵira kutsogolo, ngati mthunzi wa munthu woyenda atafulatira dzuŵa. Mwana amene adabadwa m'chaka cha namondwe wa Freddy adzakhala ndi zaka 12 mu 2035. Ngati adapinimbira ndi njala ali wakhanda, palibe biliyoni imene idzamubwezere msinkhu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ku Baku kuja Malaŵi adali pa mpando wolemera. Gulu la maiko osaukitsitsa, oposa 40, linkatsogozedwa ndi Mmalaŵi, a Evans Njewa. Gululi lidapempha chinthu chomveka: kuti pa ndalama zonsezo pakhale gawo lodziŵika, madola 220 biliyoni pa chaka, losungidwira maiko osaukitsitsa, kuti asamalimbirane mphika umodzi ndi maiko amene ali kale ndi mphamvu. Pa 23 Novembala, ataona kuti mau ao sakumveka, iwo pamodzi ndi nthumwi za maiko a pa zilumba zing'onozing'ono adatuluka m'chipinda chokambirana. Pambuyo pake adabwereramo, pangano lidavomerezedwa usiku womwewo kusanache, koma gawo adapemphalo mulibe. Ife tikuti adachita bwino kutuluka, ndipo sitikuŵadzudzula pobwerera, pakuti wosauka alibe bwalo lina lokatulako nkhani imeneyi. Koma tisanamizane kuti tidapambana.

Chimene ambiri amati n'chipambano chenicheni ndi thumba lolipira zotayika ndi zoonongeka. Maiko a pa zilumba, motsogozedwa ndi Vanuatu, adayamba kupempha njira yotere mu 1991. Padapita zaka 31 kuti thumbalo livomerezedwe, ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 maiko adalonjeza kuponyamo pafupifupi madola 700 miliyoni. M'holo monse anthu adaomba m'manja. Tiyeni tiziike ndalamazi pa sikelo yathu. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy, amene akatswiri a zanyengo adati adatha masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku ao, adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira anthu ku Chilobwe, nasesa midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje. Akufa ndi osoŵa adaposa 1,000, othaŵa m'nyumba zao adaposa 600,000. Boma ndi mabungwe ataŵerengera, adapeza kuti kukonzanso zoonongeka kudzafuna madola 680 miliyoni. Ndiye kuti thumba la dziko lonse lapansi, lija adaliombera m'manja, likadathera pa namondwe mmodzi, m'chigawo chimodzi cha dziko limodzi laling'ono. Pofika kumapeto kwa 2025 malonjezo a m'thumbali adali asanakwane biliyoni imodzi, America idali itachoka m'komiti yoliyendetsa, ndipo ndalama zoyamba zimene adaitanira maiko kuti apemphe zidali madola 250 miliyoni basi.

Funso la mai uja lakuti kodi mwanayo adzazifunanso ndilo loŵaŵa kwambiri. Mwa ndalama za maboma zimene maiko olemera amaŵerengera kuti apereka pa za nyengo, pafupifupi magawo 7 mwa 10 ndi ngongole. Taganizani: mnansi watentha tchire lake, moto walumpha n'kupsereza nyumba yanu, iye n'kubwera ndi nkhope yachisoni kudzakukongozani ndalama za malata, za chiongola dzanja. Kumudzi nkhani yotere ikadathera kwa amfumu. Malaŵi ngongole zamufika kale m'khosi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangopita miyezi isanu ndi itatu chichitikire Freddy, ndipo ngongole iliyonse ya madola idalemera tsiku lomwelo. Pangano la ku Baku limatchula bwino lomwe kufunika kwa mphatso ndi ngongole zofeŵa, koma silinena kuti mwa 300 biliyoni zija zingati zidzakhale mphatso. Limalola kuŵerengeramo ngongole za mabanki aakulu ndi ndalama za amalonda. Pamenepo ndi pamene cholembedwacho chikutsimphina. Chiŵerengero chimene sichisiyanitsa mphatso ndi ngongole chili ngati thumba la chimanga chosakaniza ndi mchenga: pa sikelo n'lolemera, koma ku chigayo udzalira.

Pali mau amene maiko olemera amaŵaopa ngati njoka, mau akuti chipukuta misozi. Ku Paris mu 2015 adalola kuti zotayika ndi zoonongeka zilembedwe m'pangano, koma pambali pake adalembetsa kuti zimenezi sizipereka mpata woŵaimba mlandu kapena kuŵalipiritsa. Pa 23 Julaye 2025 bwalo la International Court of Justice ku The Hague, poyankha funso limene lidayamba ndi ophunzira a pa zilumba za Pacific, lidati maiko ali ndi udindo wa lamulo woteteza nyengo, ndipo woswa udindowo angathe kulipiritsidwa. Yankholi ndi uphungu chabe, silituma apolisi kwa wina aliyense. Komabe nthumwi yathu tsopano ikhoza kuloŵa m'chipinda chija ngati mwini mlandu.

Tibwerere kwathu, pakuti pali chinthu chimene ngakhale thumba lodzaza silingachione msanga. Namondwe ali ndi dzina, ali ndi tsiku, ali ndi zithunzi. Freddy atadutsa, ndege za thandizo zidatera pa Chileka, atolankhani a maiko akutali adafika, dziko lonse lidamva. Koma chimene chimadya banja la ku Lirangwe, ku Mdeka kapena kwa Kunthembwe kaŵirikaŵiri chilibe dzina. Mvula imagwa kamodzi mu Novembala, anthu n'kubzala, kenaka n'kudula milungu itatu, mbeu n'kupserera m'nthaka. Abzala kachiŵiri ndi mbeu yogula ndi ndalama ya mbuzi. Mu Febuluwale, chimanga chitangomasula, feteleza atathira kale, ng'amba ija yafika. Chigwembe chimene chaka chatha chidali kuseri kwa munda, chaka chino chadya mizere khumi. Mjigo waphwa mu Okutobala, ndipo mtsikana wa Sitandade 7 wayamba kujomba chifukwa madzi ali kutali. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimalengezedwa pa wailesi. Koma zikaunjikana zaka zisanu, banja limene linkadzidyetsa lokha limasanduka la ganyu, bambo n'kugwira njinga ya makala.

Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo anthu 5.7 miliyoni adasoŵa chakudya m'miyezi yanjala yotsatira. Palibe mlatho udagwa, palibe phiri lidagumuka. Kunena zoona, El Niño ngwakalekale, sadayambe ndi mafakitale. Koma chilala chake chikagwera dziko lotentha kale, chinyontho chimathaŵa msanga m'nthaka, ndipo ng'amba imene kale chimanga chinkaipirira lero imachipha.

Mankhwala a mabala otere akudziŵika, ndipo si odula. Akalozera ndi udzu wa vetiva ogwira madzi m'munda, kutseka zigwembe ndi miyala zisanakule, madamu ang'onoang'ono, mijigo yakuya, kusamala zitsa kuti ziphukenso, mlangizi wokhala ndi njinga yoyenda, mbeu zocha msanga zofika m'manja mwa mlimi mu Okutobala osati mu Januwale. Anthu a kwa Kuntaja ndi kwa Kapeni adaziona zina mwa zimenezi pa ntchito ya COVAMS, imene dziko la Japan lidathandiza kuyambira 2007, yophunzitsa alimi kuteteza nthaka ndi kubzala mitengo m'dera la pakati la mtsinje wa Shire. Ntchito zotere ndizo a ku misonkhano amanena akamati kudziteteza, ndipo ndizo zimatsalira pogaŵa. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe idati mu 2023 maiko onse osauka adalandira madola 26 biliyoni a ntchito zimenezi, kutsika kuchoka pa 28 biliyoni chaka cha m'mbuyo mwake, pamene zofunika pofika 2035 n'zoposa 300 biliyoni pa chaka.

Chifukwa chake sitisoŵa kuchifuna patali. Mukatsika kuchokera ku Chileka kuloŵera kumadzulo mufika pa Mpatamanga, pamene Shire amapanikizika pakati pa miyala. Pamenepo pakonzedwa damu la magetsi oposa mamegawati 350, la mtengo woposa madola 1.5 biliyoni. Mu Meyi 2025 World Bank idavomereza mphatso ya madola 350 miliyoni yothandizira ntchitoyo, ndipo makampani aakulu a ku France nao alimo. Sitikulinyoza damulo. Dziko limene pa kalembera wa 2018 nyumba 11 zokha mwa 100 zinkaunikira magetsi likusoŵadi magetsi, ndipo magetsi otsika mtengo ndiwo angapumitse njinga za makala zija. Tikungoti taonani: damu limodzi la kwathu konkuno likuposa thumba lonse la zoonongeka la dziko lapansi. Ndalama imathamangira kumene kuli mita yoŵerenga ndi bilu yolipira. Kalozera wa m'munda mwa mai wamasiye sabweza phindu kwa wina aliyense wa ku Paris kapena ku London, choncho palibe wamalonda amene adzamufune. Pangano limene likudalira amalonda kuti adzaze chiŵerengero lasankha kale, mosanena, kuti kalozerayo atsalire.

Chodabwitsa n'chakuti damu ndi kalozera n'zapachibale. Dothi lokokoloka m'minda yathu limatsika ndi mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe n'kukathera mu Shire, ndipo matope a mu Shire ndiwo amakwirira madamu a magetsi a Nkula ndi Tedzani, navutitsanso makina a pa Walker's Ferry amene amapopa madzi odzera pa Chileka kupita mu mzinda wa Blantyre. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka, ndipo mdima wake tonse tikuukumbuka. Amene akukana kulipira kalozera adzalipira makina okumba matope chaka ndi chaka.

Za kufika pa nthaŵi yake, ndi za kufunsa eni dera, tidaphunzira moŵaŵa mu 2016. Boma lidagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, pa mtengo wa madola pafupifupi 5 miliyoni. Chilala chidabweradi, anthu oposa 6 miliyoni adasoŵa chakudya, koma makina oŵerengera a bungwelo adati okhudzidwa ndi ochepa, malipiro palibe. Atafufuza adapeza kuti makinawo ankayesa kuti alimi adabzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri adabzala chocha msanga, chimene ng'amba idachipeza pa nthaŵi yoipa. Madola 8.1 miliyoni adafika mu Januwale 2017, patapita miyezi isanu ndi inai boma litalengeza za ngoziyo, mabanja atagulitsa kale mbuzi ndi malata omwe. Mai aliyense wa pa msika wa Lirangwe akadaŵauza mbeu imene adabzala, akadangofunsidwa. Bungwelo lidakonza njira zake, ndipo pa chilala cha 2024 lidalipira madola oposa 11 miliyoni. Tikulitchula pano chifukwa lidaonetsa poyera chimene chimachitika akamaŵerenga munda kuchokera kutali.

Pa Chileka pomwe pano, pamene padali likulu la nthambi ya zanyengo kwa zaka zambiri, mvula yakhala ikuyezedwa tsiku ndi tsiku. Koma malo otere m'dziko muno ndi oŵerengeka. Asayansi a gulu la World Weather Attribution atafufuza mvula ya namondwe wa Ana ndi anzake a mu 2022, adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaikulitsa, nadandaula kuti zoyezera mvula m'chigawo chino cha Africa n'zochepa kwambiri. Wosauka amasoŵa ngakhale umboni wa mlandu wake. Mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, adati mu 2022 kuti pofika 2027 munthu aliyense pa dziko lapansi azilandira chenjezo ngozi isanagwe. Ndi cholinga chabwino, ndipo mtengo wake si waukulu. Koma tisaiŵale kuti Freddy asanafike a zanyengo athu adachenjeza. Chenjezo limapulumutsa munthu amene ali ndi kothaŵira.

Latsala funso lakuti zidzera mwa yani. Kuti dziko litape ndalama m'matumba aakulu monga Green Climate Fund, liyenera kulemba zikalata zochindikala ngati njerwa, m'Chingerezi cha akatswiri, kudzera m'bungwe lovomerezeka, ndipo kuyambira pa pempho kufika pa khasu loyamba pamatha zaka. Pa njira yonseyo ndalama imanka ichepa ngati madzi a m'ndoŵa yobooka: alangizi a kunja, magalimoto, misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, malipiro a okhala pa misonkhanoyo. Chofika ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi matope a pansi pa ndoŵa. Komatu njira ina idayesedwa kuno komwe. Dziko la Scotland, limene lidali loyamba kulonjeza ndalama za zoonongeka pa msonkhano wa ku Glasgow, lidatumiza gawo lina ku Zomba ndi ku Nsanje kudzera m'bungwe la SCIAF ndi anzake monga CADECOM, anthu a m'midzi n'kumanena okha zimene zidaonongeka ndi zoyamba kukonza. Freddy atadutsa, ndalama zina za ku Scotland komweko zidaperekedwa m'manja mwa mabanja oposa 2,000 a ku Nsanje, madola pafupifupi 750 banja lililonse, kuti amange nyumba kumtunda ndi kuyambanso moyo. Poyerekeza ndi mabiliyoni a ku Baku, ndalamazi ndi dontho. Koma dontholo lidafika pa lilime.

Apa aŵerengi ena anena kuti, nanga ifeyo? Akunena zoona, ndipo tikadabisa zimenezi tikadakhala anthu achinyengo. Olemera akamakayika kutipatsa ndalama m'manja amatchula Cashgate ya 2013, ndi K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene kafukufuku wa mu 2021 adapeza kuti ina idasakazidwa, ndipo pamenepo sitingaŵatsutse. Phiri la Michiru, limene limayang'ana Chileka, silidametedwe ndi anthu a ku America. Makala a pa njinga aja amagula ndi abale athu a m'tauni, ena a iwo ali ndi magetsi m'nyumba. Nyumba zimene zidakokoloka pa Soche zidamangidwa pa malo amene ankadziŵika kuti ngoopsa, akuluakulu akuyang'ana. Zonsezi ndi zathu, tizisenze. Komabe kulakwa kwathu sikufafaniza ngongole yao, monga momwe ngongole yao siikhululukira kuba kwathu. Ndipo wakuba amakonda njira yaitali ya mumdima. Ndalama ikadzera njira yaifupi, chiŵerengero chake n'kumatidwa pa bolodi la ku khonsolo ndi pa mtengo wa pa bwalo la amfumu, mudzi wonse umasanduka mlonda. Anthu amene amadziŵa kuŵerengetsa makuponi a feteleza mpaka lomaliza sangalephere kuŵerengetsa ndalama za chigwembe chao.

Sitidaiŵale kuti mpopi wa utsi ukadali wotsekula. Chaka cha 2024 chidatentha kuposa zaka zonse zolembedwa m'mbuyo mwake, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa nthaŵi imene mafakitale adali asanachuluke, chikhalirecho ku Paris adagwirizana zoyesetsa kusapyola 1.5. Ku Dubai adalemba koyamba kuti dziko liyambe kusiya malasha, mafuta ndi gasi. Ku Belém zinthu zitatuzi sizidatchulidwe n'komwe m'chigwirizano chachikulu, poti maiko ogulitsa mafuta adakana. America ndiyo idatulutsa utsi wambiri kuposa dziko lina lililonse m'mbiri, koma mu Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump adalamula kuti ituluke m'pangano la ku Paris, ndipo chaka chomwecho adatseka bungwe la USAID limene linkathandiza zipatala ndi alimi athu. Papa Francis, m'kalata yao ya Laudate Deum ya mu Okutobala 2023, adaiunika misonkhanoyi nadandaula kuti mapangano ake alibe njira yoonetsetsa kuti akutsatidwa, ndiponso alibe chilango kwa woŵaswa. Palibe kalozera amene angagwire mvula ya dziko lotentha ndi madigiri atatu, choncho nthumwi zathu zisaleke kuumirira kuti utsi uchepe. Koma ngakhale utsiwo utaleka maŵa, kutentha kumene kulipo kale kudzakhala nafe mpaka adzukulu athu. Mphindi za Malaŵi pa bwalo lija n'zoŵerengeka, ndipo ayenera kusankha choyamba kunena.

Tikadakhala ife omangira nthumwi zathu kamba wa pa ulendo, tikadaziuza kuti zisatengeke ndi chiŵerengero chachikulu cha 2035. Zibwere ndi chaching'ono chokhala ndi tsiku, champhatso, chokhala ndi gawo la osaukitsitsa lija adalipempha ku Baku, ndiponso ndi khomo limene khonsolo ya Blantyre ingagogodepo yokha popanda kulemba ntchito katswiri wa kunja. Ziumirirenso kuti ng'amba, zigwembe ndi mijigo yophwa ziziŵerengedwa ngati kuonongeka kwenikweni, ngakhale zilibe dzina la namondwe, ndi kuti ndalama zake zizifika mvula isanagwe.

Ndipo zikabwerako, zisathere pa bwalo la ndege kulankhula ndi atolankhani m'Chingerezi. Zipite pa Lirangwe tsiku la msika, ziime pafupi ndi ogulitsa nandolo ndi mbuzi, zifotokoze m'Chicheŵa chimene zakatenga. Amai a kumeneko adzafunsa kuti ndi zingati, zifika liti, zidzera mwa yani, ndiponso ngati eni ake adzazifunanso. Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa Lirangwe ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto.